Ola la M'mutu mwa a Idwal

Mapu adayamba kulanda tebulo mwezi wa Febuluwale, ndipo pofika Meyi Nesta ndi bambo ake ankadya mbale zili pamiyendo. A Idwal adalumikiza mapu anayi ndi selotepi, kuyambira kwawo kummwera kwa Wales, kukwera gombe lonse mpaka ku zilumba za ku Scotland. Pamene ankafuna kukhoma tenti adaikapo kadontho kofiira, powedza kobiriwira, pokwera mafunde ndi thabwa lawo kakuda. Ulendo wa masabata asanu ndi limodzi, okhaokha, pa chivani chakale chimene mmawa uliwonse chinkayamba chatsokomola kaye ngati mwini wake.

Nesta sadaufune ulendowo ngakhale pang'ono. Ankaopa kuti bambo ake sakabwerako.

Sikuti a Idwal adali mlendo panyanja. Zaka makumi atatu ndi chimodzi adakhala m'gulu la bwato lopulumutsa anthu la m'tauni mwawo, ndipo anthu amene adawavuula m'madzi akadatha kudzaza tchalitchi. Koma tsopano adali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi, ndipo chimwalilireni mkazi wawo Gwenda zaka ziwiri zapitazo, tinthu tidayamba kuwapulumuka. Tsiku lina adaika ketulo yamagetsi pa mbaula ya gasi, nyumba yonse nkununkha pulasitiki. Kawiri konse adamuitana Nesta ndi dzina la mayi ake, osazindikira nkomwe. Nesta, amene adachoka pakhomopo ali mtsikana nkukakhala ku Cardiff kutali ndi fungo la nsomba, adabwerera kudzawayang'anira, ntchito yake nkumaigwirira pa kompyuta m'chipinda chapamwamba.

Adawatengerako kwa dokotala. Dokotala adati mwina ndi ukalamba chabe, mwina ndi chisoni, abwerenso Okutobala. Chimene chidatsalira pa ulendo wa kuchipatalawo ndi mkwiyo. Nesta adanena za ketulo ija pamaso pa dokotala, ndipo a Idwal adakhala masiku anayi osamulankhula. Nyumba ya anthu awiri, wina akatseka pakamwa, imazizira koopsa. Nesta adalumbira mumtima kuti sadzawachititsanso manyazi chotero.

Loweruka lina akulongedza, kudabwera a Meurig, mnzawo wa m'bwato muja, akutsimphina ndi chiuno chawo chovutacho. Adatsamira geti nkumaonerera a Idwal akukweza ndodo zowedzera, tenti, kambaula ka gasi, ndi thabwa lalitali lachikasu limene adalipala okha Nesta asadabadwe.

"Mdala iwe, thabwa limeneli msinkhu wake ndi wako ndendende," adatero a Meurig. "Langosowa chivundikiro ndi zogwirira kuti likhale bokosi lamaliro."

"Ukadzandinyamula udzagwire kumiyendo, kumutu kumalemera nzeru."

"Nzeru zake ziti? Zophika ketulo?"

Onse awiri adaseka mpaka kutsokomola. Nesta adali pakhomo ndi makapu a tiyi, ndipo zidamuwawa kuti nthabwala imene ikadachoka pakamwa pake ikadatseka nyumba sabata yathunthu, kwa a Meurig idangodutsa ngati mphepo.

"A Meurig, tawauzani inu," adatero powapatsira kapu. "Mwina inu akumverani. Adikire chaka chamawa tidzapite awiri."

"Mwana wanga, uyu ndamuuza zinthu zaka makumi anayi. Chimene adandimvera nchimodzi, kukwatira mayi ako."

"Chaka chamawa ndi cha anthu ena," adatero a Idwal ali m'kati mwa vani, mawu akumveka ngati a m'mgolo. "Ulendo uno ndidaulonjeza kwa Gwenda. Iye adachedwa, ine sindichedwa."

Pakhomo pa a Idwal padali lamulo limene silidaphwanyidwepo: wopita kunyanja amasiya pepala pa chitseko cha filiji. Pepalalo limanena kumene wapita, nthawi imene madzi aphweretu, poti nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndi nthawi imene aimbe foni. Ikadutsa nthawiyo foni osalira, wotsala pakhomo saganiza kawiri, amaimbira opulumutsa anthu. Gwenda adasunga mapepala amenewo moyo wake wonse wa m'banja. Nesta ali mwana ankangowaona ngati mmene munthu amaonera kalendala ya eni.

Pa ulendo uno pepala lidali la masiku makumi anayi ndi awiri. A Idwal adaitanitsa timabuku tisanu ta nthawi za madzi, kalikonse ka chigawo chake cha gombe, ndipo masana ambiri ankakhala pa tebulo ndi pensulo kukhutu, akukopera manambala. Atamaliza adamupatsa Nesta masamba atatu olembedwa monjenjemera.

"Undilembere pa makina akowo. Zilembo zikuluzikulu, dzanja langa ine ndemwe likundivuta kuwerenga. Awiri: limodzi la pa filiji, lina la m'galimoto. Timabukuti titsale, katundu wachuluka kale."

Nesta adakhala pa kompyuta Lamulungu masana. Atalemba masiku atatu oyamba adaganiza zongoyerekeza ndi zimene foni yake inkanena, poti masiku ano nthawi za madzi zimapezeka paliponse. Tsiku lachitatu, pa mwala umene asodzi a kumpoto amautcha Msana wa Nkhumba, bambo ake adalemba kuti madzi aphweratu 12 koloko masana. Foni idati 1 koloko. Adayang'ana tsiku lachinayi. Lidatsalira ndi ola. Lachisanu chimodzimodzi. Adatsika ndi chala mpaka kumapeto, ndipo masiku onse makumi anayi ndi awiri adali otsalira ndi ola limodzi.

Chifukwa chake sichidali chovuta kuchipeza. Kumapeto kwa Malichi dziko lonse limapititsa mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi kuti madzulo a m'chilimwe atalike, nkudzawabweza Okutobala. Timabuku tija tidali tosindikizidwa m'nthawi ya m'nyengo yozizira chaka chonse, ndipo pansi pa tsamba lililonse padali timawu tochenjeza kuti m'chilimwe munthu awonjezere ola. Bambo ake, munthu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi m'bwato, sadawonjezere ngakhale kamodzi.

Munthu wopanda mantha akadadzifunsa kuti kodi woiwala amaiwala mofanana chotero, kopanda kuphonya tsiku ngakhale limodzi. Koma Nesta adali atakhala miyezi yambiri akudikira chizindikiro, ndipo wodikira chizindikiro sachedwa kuchiona. Adapita pa windo. Pansi pabwalo a Idwal ankapaka phula pa thabwa lawo, akuimba mluzu, dzuwa likuwala pa dazi. Sadawaonepo osangalala chotero chichokereni kumanda. Adaganiza zotsika ndi mapepalawo nkunena kuti, Bambo, taonani apa. Adaona kale mmene nkhope ija igwere, mmene mluzu uthere, masiku anayi ena a chete, kapena kunyamuka ali okwiya osatsanzika.

Adabwerera pa mpando nkuwonjezera ola pa tsiku lililonse, mwakachetechete, mosamala, kubwereza kawiri kuti asalakwitse. Adamva ngati wachita chinthu chachikondi, ndipo kunena zoona chidali chachikondi. Masamba a dzanja la bambo ake adawaponya m'dilowa ya tebulo lake.

A Idwal adalandira pepalalo, kuliyang'ana patalipatali, nkugwedeza mutu. "Eya, izi ndiye zilembo. Ngakhale Meurig angawerenge."

Adanyamuka Lolemba mmawa kuli chifunga chimene chidabisa ngakhale nyumba ya tsidya la msewu. Nesta adawapatsa chitini cha masikono ndi chipewa chaubweya cha mayi ake. Iwo adamugwira paphewa kamodzi, mwamphamvu, monga ankachitira amuna a m'bwato.

"6 koloko madzulo alionse. Ikapanda kulira, ukudziwa chochita."

"Ndikudziwa, Bambo. Musakaiwale mankhwala."

"Iwenso usakaiwale kuti ndine bambo wako."

Nyali zofiira za vani zidamira m'chifunga zisadafike pa ngodya.

Lolemba foni idalira 6 koloko yeniyeni. Adali atakhoma tenti pamwamba pa phompho, adadya nyemba za m'chitini, zonse zidali bwino. Lachiwiri idaliranso pa nthawi yake, koma mawu adali ena.

"Mwakwera mafunde?" adafunsa Nesta.

"Pang'ono. Ndafika madzi atabwerera kale, mchenga umene ndimaufuna utamira. Kaya." Mphepo inkalira m'foni. "Mwina ndi mphepo yakumadzuloyi ikukankha madzi. Imatero nthawi zina."

"Mwayang'ana pepala koma?"

"Ndayang'ana pepala, Nesta."

Ataika foni pansi adakhala pa masitepe nthawi yaitali. Ndiye kuti ngakhale pepala lokonzedwa bwino silikuwathandiza, adaganiza. Zafika poipa kuposa mmene ndimaganizira. Adagona ndi chisoni chimenecho, osadziwa kuti akulira maliro olakwika.

Lachitatu masana a Meurig adagogoda ndi thumba la makerele anayi, nsomba zimene mdzukulu wawo adagwira. Chifunga chija chidali chisadachoke m'gombe lonse, wailesi inkangobwereza zomwezo. Nesta adateleka ketulo yatsopano, ndipo a Meurig, monga munthu wozolowera nyumbayo, adapita pa filiji nkuvala magalasi.

"Tione kumene kuli chitsiru chathu lero. Lachitatu. Ehe, Msana wa Nkhumba. Adakaufikadi." Adaseka pang'ono. "Tidapitako limodzi tili anyamata. Nsomba zake zimabwera m'thovu, zazikulu ngati mkono. Koma malo oipa. Umaimika galimoto pamchenga, nkuyenda wapansi mpaka pamwala, ndipo ukamaponya mbedza umayang'ana kunyanja. Madzi sabwera kutsogolo kwako. Amazungulira kumbuyo, m'khwawa limene suliona, ndiye ukamacheuka wapeza uli pa chilumba. Maola awiri madzi ataphweratu, uyenera kukhala utachokapo." Adatsata mzere ndi chala. "1 koloko. Ndiye kuti 2 koloko. Achokepo isadakwane 4."

"1 koloko," adatero Nesta akutsira madzi m'tipoti. "Achokepo isadakwane 3."

"Ya m'buku 1 koloko, mwana wanga. Ya pa mkono 2."

"Ayi, ndi..." Adaika ketulo pansi. "Mukutanthauza chiyani, ya m'buku?"

A Meurig adamuyang'ana pamwamba pa magalasi ngati wafunsa kuti nyanja ili mbali iti. "Bambo ako sadalembepo nthawi ya boma pa pepala la madzi chibadwire. Tonse a m'bwato lathu tidaphunzitsidwa choncho. Umalemba ya m'buku monga iliri, ola umawonjezera m'mutu. Ukayamba kusakaniza, tsiku lina sudziwa ngati wawonjezera kale kapena ayi, ndipo anthu amafa nazo zimenezo. Iye amati boma lisunthe mawotchi ake, nyanja sadaiuze. Mayi ako ankadziwa. Sadakuuze?"

Nesta adatuluka m'khitchini. Adakwera masitepe akuphonya ena, nkutsika ndi masamba atatu aja a m'dilowa. Adawaika pa tebulo, pamwamba pa mapu a mapanga ndi magombe amene bambo ake adasiya, ndipo adaloza ndi chala pa tsiku lachitatu. 12 koloko, m'dzanja la a Idwal.

A Meurig adayang'ana pepala la pa tebulo, adayang'ana la pa filiji.

"Wawonjezera iwe."

"Ndimayesa aiwala."

"Ndiye iye akawonjezeranso lake."

Onse awiri adatembenukira ku wotchi ya pakhoma. Idali 3 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Foni ya a Idwal idangonena kuti mwini wake sakupezeka. Nesta adaimbanso, kachitatu, kachinayi, mpaka a Meurig adamulanda foniyo m'manja mwaulemu nkuimba nambala ya opulumutsa anthu. Adalankhula ndi mawu amene Nesta sadawamvepo, afupiafupi, opanda nthabwala: dzina la mwala, mtundu wa galimoto, zaka za munthu, jekete lofiira. Atamaliza adakhala pa mpando mwadzidzidzi.

"Madzi a lero ndi aakulu?" adafunsa Nesta.

"Mwezi ndi wathunthu, ndiye aakulu kwambiri."

"Mwalawo umamira wonse?"

A Meurig adavula magalasi nkuyamba kuwapukuta ndi malaya. Adawapukuta nthawi yaitali.

Palibe chimene chimatalika ngati masana a m'chilimwe kwa munthu wodikira. Tiyi adazizira m'tipoti. Makerele aja adakhala m'sinki ndi maso awo otseguka mpaka Nesta adawaphimba ndi mbale. Panja ana a sukulu ankadutsa akukangana za mpira, mbalame za kunyanja zikulira padenga monga mwa masiku onse, ndipo Nesta adadana nazo zonsezo. Ankangoona bambo ake ataima pamwala, msana ku mtunda, akuyang'ana wotchi ya pa mkono nkudziuza kuti nthawi ikadalipo, kumbuyo kwawo madzi akulowa m'khwawa opanda phokoso. 4 koloko idakwana. Idakwana 5.

Foni idalira itatsala pang'ono 6. Nambala idali yachilendo. Mayi wina wa mawu odekha adati bambo ake ali pa nyumba ya bwato lopulumutsa anthu la kumeneko, awafunditsa bulangete, akumwa tiyi. Adawapeza pansonga pa mwala madzi ali m'chiuno, atakumbatira chitsulo cha chizindikiro. Galimoto yamira, ioneka mawa madzi akaphwa. Kenaka adati, "Dikirani, akufuna akulankhuleni."

Nesta adatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi.

"Nesta."

"Bambo. Bambo, muli bwino?"

"Andivuula ana. Wina mwa iwo ndidamuphunzitsa ine kumanga mfundo, pa maphunziro a ku Fishguard. Wandizindikira." Mawu adali aang'ono, okalamba, ngati achoka m'chipinda china. "Thabwa lapita. Chipewa cha mayi ako chapita."

"Zisiyeni zimenezo, Bambo."

"Tamvera, ndinene ndisadasinthe maganizo." Adapuma movutikira. "Unkanena zoona. Iwe ndi dokotala wako uja. Dzulo ndidaphonya madzi ndi ola, ndidanamizira mphepo. Lero ndayang'ana pepala katatu, ndawerengera bwinobwino monga ndachitira moyo wanga wonse, ndipo ndaphonyanso. Sindikudziwa pamene ndalakwitsa, Nesta. Ndakhala pano ndikufufuza m'mutu, sindikupapeza. Chimene chikundiopsa nchimenecho." Nesta adamva kapu ikugogoda pa mano. "Ketulo ndi ketulo. Koma ndikayamba kuphonya madzi, ndiye kuti kwatha. Udzanditenge. Sindidzapitanso kunyanja. Makiyi a nyumba, mankhwala, zonse uzisunga iwe. Ndizikumvera."

Adali mawu amene Nesta adawalakalaka miyezi isanu ndi umodzi. Bambo ake pakhomo, pa mpando wa pa windo, amoyo, Okutobala ndi Okutobala winayo. Adangoyenera kukhala chete kuti awalandire. Akanena zoona, munthu uyu adzaimirira, adzakwiya mwina mwezi wathunthu, kenaka adzagula chivani china ndi timabuku tina, ndipo tsiku lina chifunga chidzawameza pa ngodya paja kachiwiri, ndi ketulo ija ikadali m'mbiri yawo.

A Meurig adali atamva zonse, poti m'khitchini mudali zii. Ankamuyang'ana osaphethira.

"Nesta? Ulipo?"

"Ndilipo, Bambo. Ndikunyamuka pompano. Musadandaule chilichonse."

"Ndiwe mwana wabwino," adatero a Idwal, ndipo foni idaduka.

Nesta adaimirira. Adachotsa pepala la pa filiji, adatenga masamba atatu a dzanja la bambo ake pa tebulo, adazipinda pamodzi kanayi nkuziika m'thumba la jekete. Adafunafuna makiyi a galimoto yake, ngakhale adali poonekera pa mbale ya pa windo.

"Ukamuuza," adatero a Meurig. Silidali funso kwenikweni.

"Ndikawauza m'njira. Akayambe atenthedwa kaye."

"Munthu uja akuganiza kuti mutu wake wafa, mwana wanga. Usiku umodzi wokha wa maganizo amenewo ndi wautali."

"Ndati ndikawauza."

A Meurig adadzuka pang'onopang'ono, adavala chipewa, nkuima pakhomo dzanja lili pa chitseko. "Zaka makumi anayi sindidamunamizepo Idwal. Akadzandifunsa, ndidzayankha."

"Sadzakufunsani," adatero Nesta, ndipo adachita mantha ndi mmene mawuwo adatulukira mosavuta.

Ulendo wa kumpoto udali wa maola anayi, ndipo chifunga chidali chikadali pa msewu wa m'gombe. Nesta adayendetsa pang'onopang'ono, akukonza mawu oyambira. Bambo, pali chimene ndidachita. Bambo, simudalakwitse ndinu. Adawanena mokweza kangapo m'galimoto yopanda munthu, ndipo ulendo uliwonse ankamveka ofooka kuposa poyamba. Pa malo omwetsera mafuta a pakati pa njira adaima, adagula botolo la madzi ndi masokosi ouma a bambo ake. Pafupi ndi chitseko padali bini ya zinyalala. Adaima pambali pake kanthawi, dzanja lili m'thumba la jekete, mapepala aja akufunda m'chikhatho.

Pobwerera ku galimoto m'thumbamo mudali makiyi okha.